ProPILOT Yazima pa Nissan Leaf: Mafunso ndi Mayankho

Eni Nissan Leaf ya mtundu wachiwiri, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2017, amakumana ndi vuto limodzi mobwerezabwereza: tsiku lina galimoto imangoyatsa kanyali kachikasu pa dashibodi, n'kusiya kudzisunga pakati pa mizere, kusiya kutsatira galimoto yakutsogolo, mwinanso kuzimitsa mabuleki odzigwira okha. Ambiri mtima umathamangira ku batire lalikulu lapansi lija, poti ndilo lodula. Kawirikawiri batirelo silikhudzidwa n'komwe. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza kwambiri Leaf zobwera kuchokera ku Japan, koma zambiri zikugwiranso pa magalimoto ena amagetsi.

Kodi chimene chazima kwenikweni n'chiyani?

ProPILOT ndi dzina limene Nissan inapatsa zinthu ziwiri zogwirira ntchito pamodzi. Choyamba chimasunga liwiro ndi mpata pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo, mpaka kuima nayo ikaima. Chachiwiri chimakhotetsa chiwongolero pang'onopang'ono kuti mukhale pakati pa mizere iwiri. Inayamba mu 2016 pa Nissan Serena, Leaf n'kuilandira chaka chotsatira. Pambali pake pali zina zimene si ProPILOT koma zimadalira zipangizo zomwezo: mabuleki angozi odzigwira okha, chenjezo lakuti mukutuluka mumzere, ndi kanyali ka pagalasi lam'mbali kokuuzani kuti pali galimoto pamene simukuona.

Zonsezi zimaona msewu kudzera m'zipangizo zochepa chabe. Pali kamera imene ili pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa galasi loonera kumbuyo. Pa Leaf zogulitsidwa ku Ulaya ndi ku America palinso radar, chipangizo choyeza mtunda potumiza mafunde, kumphuno kwa galimoto, yobisika kuseri kwa pulasitiki. M'makona a bampala yakumbuyo muli maradar ena ang'onoang'ono, ndipo timabatani tozungulira tija ta pabampala ndi masensa oyeza mtunda poimika. Kompyuta imafunanso kudziwa liwiro la tayala lililonse ndi mmene chiwongolero chakhotera. Chimodzi mwa izi chikapereka nkhani yokayikitsa, kompyuta simayerekeza. Imazimitsa thandizolo n'kukusiyirani galimoto. Anaipanga dala kuti izitero, ndiye kuzima pakokha si umboni wakuti china chafa.

Pa chiwongolero changa palibe batani labuluu. Ndiye kuti inachotsedwa?

Ayi, sinakhalepo. Leaf ya mtundu woyamba, yamaso otuluka ija imene inayamba mu 2010, ilibe ProPILOT, ndipo ngakhale pa mtundu wachiwiri si zonse zili nayo. Wogulitsa akanena kuti ilipo, funani batani labuluu kudzanja lamanja la chiwongolero.

Ndingapitirize ulendo kapena ndiime?

Ngati chimene chayaka ndi kanyali kachikasu ka ProPILOT kapena ka mabuleki angozi kokha, galimoto ikuyenda, ikukhota ndi kuima bwinobwino monga galimoto ina iliyonse yopanda zimenezi. Pitirizani, koma dziwani kuti palibenso chokugwirirani mabuleki wakabaza akalowa mwadzidzidzi.

Nkhani imasintha pakayaka kanyali kofiira ka mabuleki, kanyali ka chiwongolero, ka batire laling'ono la 12V, kapena ka galimoto yokhala ndi chizindikiro cha ! pakati pake. Pamenepo vuto lili pa galimoto yeniyeniyo, ndipo kuzima kwa ProPILOT n'chotsatira chabe. Pezani malo abwino muime.

Uthenga wake uli m'Chijapani. Ndidziwa bwanji chimene ikunena?

Jambulani dashibodi ndi foni uthengawo usanachoke, kenako womasulira wa pafoni ngati Google Translate akuwerengereni chithunzicho. Musajambule mukuyendetsa. Chithunzichi chisungeni, chifukwa amakaniko amafunsa kuti inalemba chiyani, ndipo yankho lakuti "inangolemba zinazake zachikasu" silipititsa ntchito patsogolo.

Mauthengawa ali m'magulu awiri, ndipo kusiyanitsa magulu amenewa ndi theka la ntchito yonse. Gulu loyamba limati thandizo silikupezeka pakali pano, ndipo limatchula chifukwa: kamera sikuona, radar yatsekeka, mkati mwatentha, msewu ukuterera. Pa galimoto za Chingerezi mawu ake amayamba ndi "Unavailable" kapena "Not Available". Zimenezi zimatha zokha chifukwacho chikachoka. Gulu lachiwiri limati makina ali ndi vuto, "Malfunction", ndipo limabwerera ngakhale mutazimitsa galimoto n'kuiyatsanso. Limeneli ndi lofuna makina opimira.

Ndiyambire pati ndisanapite ku galaja?

Yambani ndi nsalu ndi madzi. Imani kutsogolo kwa galimoto muyang'ane pakati pa galasi, m'mwamba mwenimweni. Muona kabokosi kakuda kokhala ndi kawindo ka makona atatu, ndipo mkati mwake muli diso la kamera. Kawindo kameneka n'kochepa kuposa chikhatho, moti chitosi chimodzi cha mbalame chikhoza kutseka zonse. Nyengo ya mvula zoyamba, mukayenda usiku m'gulu la ngumbi, galasi limadzaza mafuta a tizilomboto, ndipo mawaipa akadutsa amangowapaka ngati phala. Maso anu amaonabe msewu kudzera m'mizeremizere imeneyo, koma kamera magetsi a galimoto yobwera akaiwomba imangoona chifunga choyera. Sambitsani ndi sopo, osati madzi okha, ndipo gwirani mphira ya mawaipa ndi chala: ikakhala yolimba kapena yong'ambika kumapeto, ndiye imene ikusiya dothi pamalo pomwe kamera imayang'anira.

Kenako yang'anani zimene munamata nokha. Mapepala a COF ndi a inshuwalansi akhale pakona, kutali ndi kabokosiko. Chimzere chakuda chotchinga dzuwa chimene ena amamata m'mwamba mwa galasi, nthawi zina cholembedwa dzina la timu ya mpira kapena vesi, chimadutsa ndendende pa diso la kamera. Ngati mukuchifuna, achidule mozungulira kabokosiko. Kamera yojambulira ulendo, chogwirira foni, ngakhale pepala loyera losiyidwa pa dashibodi limene likuwalira m'galasi, zonsezi zimasokoneza.

Mukatha galasi pitani kumphuno ndi kumakona a bampala yakumbuyo, muchotse matope ouma. Mukatero zimitsani galimoto, dikirani pang'ono, yatsaninso, n'kuyenda pa msewu wa tala wokhala ndi mizere. Mauthenga ena sachoka galimoto itaima. Amadikira kuti kamera kapena radar ioneso zinthu zoyenda.

Chimodzi chokha musachite: kutsegula kabokosi ka kamera n'kupukuta diso lake ndi chala kapena kuligwedeza. Likasuntha pang'ono mwadzipezera ntchito yolipira.

Ikuti radar yatsekeka, koma kutsogolo kuli mbee. Zikutheka bwanji?

Radar simaona dothi; imangozindikira kuti mafunde amene yatumiza sakubwerera mokwanira. Ndiye pali zinthu zina zimene zimaipusitsa. Mabuku a Nissan amanena okha kuti uthengawu ungathe kubwera pa msewu wopanda zomangamanga m'mbali, monga pa mlatho wautali kapena m'chipululu, chifukwa palibe chobweza mafundewo. Mukayenda nokhanokha pa msewu wautali wa m'dambo lopanda mitengo, zimenezi zingachitike, ndipo zimatha mukalowa m'tauni.

Ngati uthengawo sukuchoka, ganizirani zimene zinaikidwa kutsogolo. Mafunde a radar amadutsa pulasitiki koma sadutsa chitsulo. Chitsulo chotchinjiriza kutsogolo chija, magetsi owonjezera, nambala puleti yosunthidwa, kapena chokongoletsera chonyezimira zikakhala patsogolo pa radar, ndiye basi. Penti wochindikala ndi phala lomata pobowoka limene amapaka okonza mabodi nazonso zimafooketsa mafunde, moti bampala yokonzedwa bwino m'maso ingathe kukhala khoma kwa radar.

Imangozima masana kukatentha, madzulo n'kubwerera yokha.

Kamera ili pamalo otentha kwambiri m'galimoto, yomatirira ku galasi, dzuwa likuiwomba mwachindunji. Nissan imanena kuti galimoto ikaimikidwa padzuwa kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 40, zodalira kamera zingathe kuzima zokha, ndi uthenga wonena za kutentha kwa mkati. Mu Okutobala ku Chikwawa, Nsanje kapena Mangochi, galimoto yotsekedwa mawindo imapitirira pamenepo dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Yatsani choziziritsa, lozetsani mpweya ku galasi, ndipo pakapita kanthawi zibwerera. Kuimika pamthunzi kapena mphuno itafulatira dzuwa kumachepetsa vutoli.

Dzuwa lili ndi njira inanso. Likakhala pansi m'mawa kapena chakumadzulo, n'kumawomba m'maso mwenimweni, kamera imachita khungu monga mmene inunso mumachitira. Mukakhota n'kulisiya kumbali, imayambiranso.

Nanga mvula ikamagwa?

Thandizo la chiwongolero limazima lokha mawaipa akamathamanga pa liwiro lapamwamba, chifukwa kompyuta imatenga zimenezo ngati chizindikiro chakuti msewu sukuoneka. Si vuto. M'mawa wozizira yang'ananinso nthunzi mkati mwa galasi pafupi ndi kabokosi ka kamera; pamenepo pamauma mochedwa kuposa pena ponse.

Palibe chenjezo lililonse, liwiro ikusunga, koma chiwongolero sichikugwira. Yawonongeka?

Funso limeneli ndi limene limabwera kwambiri, ndipo nthawi zambiri galimoto ilibe mlandu. Yang'anani kachizindikiro ka chiwongolero pa dashibodi. Kakakhala kotuwa, ndiye kuti thandizo lilipo koma likudikira. Kakasanduka kobiriwira, layamba kugwira. Kuti kabiriwire, kamera iyenera kuona mizere iwiri yooneka bwino, wakumanja ndi wakumanzere, kwa kamtunda ndithu. Pa liwiro lotsika imafunanso galimoto yoti iitsatire kutsogolo.

ProPILOT inapangidwira misewu ikuluikulu ya ku Japan, yokhala ndi mizere yowala, yopanda oyenda pansi, yopanda njinga, yopanda mphambano. Misewu yathu yambiri ili ndi mzere wapakati wokha, nawonso wofufutika, pamene m'mbali tala anadyeka n'kusiya mano. Pena mchenga wakwirira mzere, pena zigamba zakuda za tala watsopano zapanga mizere yabodza imene kamera ingathe kuitsatira. Pa msewu wotero kachizindikiro kamabiriwira masekondi ochepa, kulira, n'kutuwanso. Kuti mudziwe ngati makina ali bwino, ayeseni pa chigawo cha msewu chongomangidwa kumene, masana, kouma, mizere yonse iwiri ikuoneka. Akagwira pamenepo, vuto ndi msewu.

Kunena zoona, ine sindiona chifukwa cholimbanirana nayo kuti igwire pa M1 pamalo pamene pali misika ya m'mbali mwa msewu, mbuzi ndi ngolo. Ikakana pamenepo ikuchita bwino. Chimene ndingadandaule chikazima ndi mabuleki angozi, chifukwa amenewo amagwira ntchito ngakhale mizere kulibe, ndipo ndi amene ayenera kukuthamangitsirani ku galaja.

Ndikadina batani imangolira n'kukana kuyamba.

Onani zing'onozing'ono izi kaye: lamba wa dalaivala wamangidwa, zitseko zonse zatsekeka bwino, handibuleki yamasulidwa, giya ili pa D kapena B. Pa Leaf yakale kaswichi ka m'chomangira lamba kapena ka pachitseko kangathe kutopa, galimoto n'kumaganiza kuti chitseko n'chotsegula chili chotseka. Kanyali ka chitseko pa dashibodi kakuuzani.

Chinanso ndi VDC, makina oletsa galimoto kuterereka. Anthu amaizimitsa akatitimira m'matope kapena mumchenga kuti matayala azungulire momasuka, ndipo n'zoyenera, koma ikakhala yozima ProPILOT siyamba ndipo mabuleki angozi sagwira. Iyatseninso mukatuluka m'matopemo. Onaninso m'ndandanda wa zosankha pa dashibodi ngati wina sanazimitse thandizo la chiwongolero palokha. Ana ndi otsuka galimoto amadina zambiri.

Tinyali tambirimbiri tayaka nthawi imodzi: ABS (yoletsa matayala kumangika pogwira mabuleki), mabuleki angozi, ProPILOT, VDC. Zonsezi zafera limodzi?

N'zosowa kuti zipangizo zinayi zife tsiku limodzi. Zikatero funani chinthu chimodzi chimene zonse zimadalira, ndipo woyamba kumukayikira ndi batire laling'ono la 12V.

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti galimoto yamagetsi ili ndi batire wamba ngati la Corolla. Lilipo, pansi pa boneti. Batire lalikulu la 40 kWh, kapena 62 kWh pa Leaf e+ ya 2019, limayendetsa mota, koma makompyuta onse, kamera, radar, magetsi ndi maloko zimadya kuchokera ku laling'onolo. Ngakhale kulumikiza batire lalikulu poyatsa galimoto kumafuna mphamvu ya laling'ono. Pa galimoto ya petulo batire lofooka limadziulula lokha chifukwa sitata imalira mwaulesi. Pa Leaf palibe sitata, ndiye batire limafooka mwakachetechete mpaka tsiku limene magetsi atsika pa nthawi yoyatsa, makompyuta ena n'kudzuka mochedwa, anzawo n'kulemba kuti sakuwamva. Zotsatira zake ndi dashibodi yodzaza machenjezo osagwirizana, amene mawa kulibe, mkuja abweranso.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Galimoto igone usiku wonse osailumikiza ku chaja. M'mawa, musanaiyatse, ikani mita yoyezera magetsi pa mitu iwiri ya batire. Batire labwino lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likamaonetsa 12.0V kapena kutsika apo, latha mphamvu kapena lakalamba. Kenako yatsani galimoto mpaka kanyali kobiriwira ka READY kayake, muyezenso: nambala ikwere kupitirira 13V, kusonyeza kuti batire lalikulu likutchaja laling'ono. Ikapanda kukwera, vuto lili pa chipangizo chotchajira, ndipo batire latsopano nalonso lidzatha. Gwedezaninso mitu ya mawaya ndi dzanja. Mutu womasuka, kapena wokutidwa ndi ufa woyera wobiriwirira uja, umabweretsa zizindikiro zomwezi batire lili labwinobwino.

Galimoto yongofika kumene muikayikire kwambiri pa nkhani imeneyi. Imakhala itaima pa yadi ku Japan, kenako milungu ingapo pa sitima, kenako padoko ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, ndipo batire la mtovu likaphwa kotheratu kangapo silibwereranso mwakale ngakhale mutalitchaja. Kachipangizo kopimira kosiyidwa kolumikizidwa pansi pa chiwongolero, kapena tiraka yolondolera kumene galimoto ili yolumikizidwa mwachisawawa, nazonso zimalikama usiku.

Mawaya alalanje amene muwaone pansi pa boneti ndi a batire lalikulu, la mphamvu yopitirira 300V. Amenewo musawakhudze, ndipo palibe chilichonse pa nkhani ya ProPILOT chofuna kuti akhudzidwe.

Anzanga akuti ndichotse waya wa batire kwa kanthawi, zonse zifufutika. N'zoona?

Nthawi zina zimathandiza, makamaka ngati machenjezo anabwera chifukwa cha kutsika kwa magetsi kamodzi kokha. Chotsani chaja, zimitsani galimoto, dikirani mphindi zosachepera 5 kuti makompyuta agone, kenako masulani waya wa mbali ya minus. Koma kamera yosuntha, waya woduka kapena sensa yakufa sizichira ndi njira imeneyi. Chenjezo libwerera mukangoyenda pang'ono. Ndipo ngati mukufuna kupita kokapimitsa, pimitsani kaye musanachotse waya, kuopa kutaya zina zimene kompyuta inasunga.

Ndinasinthitsa galasi lakutsogolo, kuyambira pamenepo sizikugwira. Anandiwonongera?

Mwina sanawononge kanthu, koma ntchito anaisiyira panjira. Kamera imakhala pa kachigwiriro komatidwa ku galasi. Galasi likasinthidwa, kamera imabwerera pamalo osiyana pang'ono ndi akale, ndipo kompyuta iyenera kuphunzitsidwanso kuti kutsogolo kwenikweni ndi kuti. Amisiri amati kuchita calibration. Pa Nissan, galimoto imaimikidwa pamalo athyathyathya, matayala atapopedwa moyenera, kutsogolo n'kuikidwa bolodi la zizindikiro zakuda ndi zoyera pa mtunda ndi msinkhu woyezedwa ndi tepi, kenako makina opimira amauza kamera kuti iliyang'ane n'kudzikonza. Radar nayonso ili ndi kuwongola kwake, kofunika bampala ikagundidwa kapena ikachotsedwa.

Kusuntha kwake kungaoneke kopanda pake, koma masamu ake ndi awa: chipangizo chikapotoka ndi digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 100 chimaloza pambali ndi mamita pafupifupi 1.7, theka la mbali yanu ya msewu. Galimoto imene ili kutsogolo kwanu ingaoneke ngati ili mbali ina, ndipo yobwera kuchokera kutsogolo ingaoneke ngati ili m'njira yanu. Choopsa kwambiri si pamene makina azima, koma pamene akugwirabe ali opotoka, n'kumagwira mabuleki popanda chifukwa kapena kukukokerani kumzere.

Galasi lenilenilo nalonso lili ndi mbali yake. Lotchipa lina limabwera lopanda kachigwiriro, omata n'kuchotsa kakale ndi mpeni n'kukamata ndi guluu poyerekeza ndi maso. Lina limapotoza zithunzi pang'ono pamalo a kamera, moti calibration imakanika ngakhale ichitidwe kangati. Musanalipire, funsani mafunso awiri: galasili ndi la Leaf yokhala ndi kamera, ndipo calibration achita ndani? Malo okhala ndi zipangizo zake kwathu kuno ndi ochepa, choncho ndi bwino kupeza wochita calibration musanachotse galasi lakale. Mng'alu waung'ono umene uli kutali ndi kamera ndi kutali ndi maso a dalaivala nthawi zina ndi bwino kuumata msanga usanakule kusiyana ndi kusintha galasi lonse.

Matayala ndi maenje zikukhudzana bwanji ndi kamera?

Kompyuta imayerekeza zimene kamera ikuona ndi zimene matayala ndi chiwongolero zikunena. Mukagwera m'dzenje alayimenti n'kusokonekera, mumayenda mowongoka chiwongolero chitapendekeka. Sensa imati mukukhota, kamera imati simukukhota, ndipo kompyuta imasiya kukhulupirira onse awiri. Konzetsani alayimenti, ndipo muwauze akonzenso poyambira pa sensa ya chiwongolero ndi makina.

Matayala osiyana kukula amachitanso chimodzimodzi, chifukwa laling'ono limazungulira mofulumira kuposa anzake, ngati likuterereka. Leaf imeneyi imabwera ndi 205/55 R16 kapena 215/50 R17. Onse anayi akhale a saizi imodzi ndi mpweya wolembedwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala. Kukweza galimoto ndi zitsulo kuti isamakhule pansi, monga ambiri amachitira chifukwa cha mahampu, kumasintha msinkhu ndi kapenyedwe ka kamera, ndiye pamafunikanso calibration.

Palinso kawaya kopyapyala kopita ku sensa ya liwiro kuseri kwa tayala lililonse. Mwala, chitsa kapena makoswe akakadula, ABS, VDC ndi ProPILOT zimazimira limodzi, ndipo sizibwerera mukayatsanso. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto muunike ndi tochi. Kukonza kwake n'kotchipa poyerekeza ndi mantha amene dashibodi imakupatsani.

Makina opimira a pa galaja iliyonse angathe kuona vutoli?

Si onse. Timakina totchipa tambiri timawerenga za injini zokha, ndipo pa Leaf timangoti palibe vuto pamene dashibodi ili yachikasu. Pamafunika makina olowa m'makompyuta onse: ya kamera, ya radar, ya ABS, ya chiwongolero. A Nissan enieni amatchedwa CONSULT, koma makina ena akuluakulu a m'magalaja amathanso. Eni Leaf ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni ya LeafSpy Pro ndi kachipangizo kolowetsa pa soketi ya OBD, yolumikizira makina opimira pansi pa chiwongolero; imawerenga makodi (manambala a mavuto amene kompyuta yasunga) ndi kuonetsa mphamvu ya batire la 12V, koma calibration siichita.

Makodi oyamba ndi U amanena za kusamvana kwa makompyuta, ndipo akachuluka amaloza ku batire la 12V, fyuzi, kapena pulagi yolowa madzi. Oyamba ndi C amanena za zipangizo za mabuleki, chiwongolero, radar ndi kamera. Lembani kapena jambulani makodi onse asanafufutidwe, yendani, pimaninso. Amene abwerera ndiwo enieni. Makaniko amene wangofufuta makodi n'kukuuzani kuti yatheka, kapena amene akufuna kuitanitsa kamera yatsopano asanayeze batire ndi kuyang'ana mapulagi, mufunseni kuti ndi makodi ati amene amuuza zimenezo.

Inazima itandichenjeza kuti ndigwire chiwongolero, chonsecho ndinali nditachigwira.

Leaf simamva khungu la dzanja. Imamva kulemera kapena kukana pang'ono pa chiwongolero. Pa msewu wowongoka, manja awiri ogwira mopepuka mbali zonse amafanana mphamvu, galimoto n'kuganiza kuti palibe munthu. Lolani dzanja limodzi lilemere pang'ono. Zomangirira botolo la madzi kapena chitsulo pa chiwongolero kuti isamalire n'zoika moyo pachiswe: makinawa ndi a gawo lachiwiri pa muyeso wa SAE, bungwe la akatswiri a zamagalimoto, kutanthauza kuti woyendetsa ndinu nthawi zonse, ndipo ngozi ikachitika mlandu ndi wanu.

Ndili ku Britain ndipo yanga ndi Tesla. Zimenezi zikundikhudza?

Zambiri n'zofanana: galasi, dzuwa, nthunzi, batire laling'ono, matayala. Kusiyana kwake n'kwakuti Tesla inayamba kusiya radar mu 2021 n'kudalira makamera okha, ndipo makamerawo ali paliponse, kuphatikizapo pa zipilala za zitseko ndi m'mbali mwa mapiko akutsogolo. M'nyengo yozizira a pazipilala amachita nthunzi mkati. Tenthetsani galimoto musananyamuke ndipo lozetsani mpweya kumeneko. Mchere ndi matope a m'misewu ya dzinja zimafuna kupukuta pafupipafupi.

Calibration ya Tesla imachitika yokha mukuyenda, nthawi zambiri pa makilomita 32 mpaka 40 a msewu wa mizere yooneka bwino, ndipo buku lake limati ikapitirira makilomita 160 isanathe mulankhule ndi okonza. Sikirini ikangoima osayankha, kudina mabatani awiri ozungulira a pachiwongolero nthawi imodzi kumaiyambitsanso. Tesla imalanganso: mukanyalanyaza machenjezo ogwira chiwongolero, Autosteer, thandizo lake la chiwongolero, imatsekedwa ulendo wonsewo mpaka mutaima n'kuika pa P, ndipo kubwereza kangapo kungakutsekereni kwa sabata. Malamulowa anakhwima pambuyo pa Disembala 2023, pamene kampaniyi inakonza pulogalamu ya magalimoto pafupifupi 2 miliyoni ku America.

Ine vuto langa n'losiyana: ndimazimitsa dala, koma ndikayatsa galimoto zabwereranso.

Zinapangidwa choncho. Pa Nissan mabuleki angozi amadziyatsa okha nthawi iliyonse galimoto ikayatsidwa. Ku mayiko a European Union, kuyambira Julayi 2024 galimoto zonse zatsopano ziyenera kukhala ndi chenjezo la liwiro limene limabwerera pa ulendo uliwonse, ndipo zambiri zogulitsidwa ku Britain zimabwera chimodzimodzi. Ngati chikukutopetsani ndi kulira kwa chenjezo la mzere pa msewu wopapatiza pamene mukuzemba njinga, zimitsani chimenecho chokha m'ndandanda wa zosankha. Kuzula pulagi ya kamera kumapha ndi mabuleki angozi omwe.

Ndikufuna kugula Leaf yakale. Ndione chiyani kuti ndisagule vutoli?

Poyatsa, tinyali tonse tiyake kwa masekondi ochepa kenako tizime. Kanyali kosayaka n'komwe pa nthawi imeneyi mukafunse. Yang'anani chizindikiro cha wopanga pakona ya galasi lakutsogolo muyerekeze ndi cha magalasi am'mbali: chikasiyana, galasi linasinthidwa, ndiye funsani za calibration. Pa pepala la okishoni la ku Japan, chilembo R kapena RA pa giredi chimasonyeza galimoto yokonzedwa pambuyo pa ngozi, ndipo XX pa chithunzi cha galimoto chimasonyeza chigawo chosinthidwa. Zikakhala kutsogolo, radar ndi kamera zipimidwe. Werengani saizi ya matayala onse anayi, onani deti la batire la 12V, ndipo pimani makodi musanayende ndi mutabwerako. Pa ulendo woyesawo pezani msewu wa mizere iwiri, dinani batani labuluu, ikani liwiro, muone ngati kachizindikiro ka chiwongolero kabiriwira ndiponso ngati galimoto ikukhala pakati osakokera mbali imodzi.